Silabasi yatsopano ndi mapulojekiti: sukulu ya pulayimale iyambire pati?

Naphiri, Mufakose

Moni nonse akuluakulu muno. Ndili m'komiti ya makolo, ija ya SDC, pa sukulu ina ya pulayimale kuno kumadzulo kwa Harare. Sabata yamawa tikhala pansi ndi ahedi kuti tikonze bajeti ndi ndondomeko ya chaka chikubwerachi, koma nkhani ya maphunziro atsopano aja akuti Heritage-Based Curriculum yatiimika mitu. Makolo ena akuti CALA, ntchito zija zoyezera mwana chaka chili mkati, inatha, ana apume. Ena akuti yangovala malaya ena, ndi yomweyo. Ogulitsa mabuku nawo sakutha phazi pageti, aliyense akuti mabuku akale onse ndi otha ntchito, tigule atsopano kuyambira ECD, makalasi a mkaka aja, mpaka Giredi 7.

Sukulu yathu ndi ya mashifiti awiri, ena m'mawa ena masana, ndipo palibe kalasi ya ana ochepera 50. Ndalama ndi zochepa, sitingagule zonse. Odziwa inu tandimasulireni: chasintha kwenikweni n'chiyani m'kalasimo ndi pa mayeso a ZIMSEC, bungwe la mayeso la dziko lino? Ndipo sukulu yonga yathuyi iyambire pati kuti tisamwaze ndalama za makolo pa zinthu zosafunika?

A Mwale, Mabvuku

Mayi Naphiri, musasaine kanthu ndi ogulitsa mabukuwo kaye. Chinthu choyamba kugula ndi mapepala ndi inki yosindikizira silabasi, mabuku abwere pambuyo. Ndifotokoza chifukwa chake.

Maphunziro omwe akuchokawa ndi aja analowa m'makalasi mu Januwale 2017, nthawi ya nduna Lazarus Dokora, potsatira ndondomeko ya 2015 mpaka 2022. Ganizo loti mwana asamayezedwe ndi mayeso a tsiku limodzi okha ndi lakale, linali kale mu lipoti la komishoni ya Nziramasanga la 1999. CALA inayamba kuwerengedwa pa mayeso mu 2021, ndipo inkatenga malikisi 30 pa 100. Mu Febuluwale 2024 nduna za boma zinavomereza ndondomeko yatsopano ya 2024 mpaka 2030, unduna uli m'manja mwa Torerayi Moyo. Ana omwe analemba Giredi 7 mu 2024 anamaliza ndi CALA yawo, ena onse anasamukira ku mapulojekiti.

Ku pulayimale zasintha zikuluzikulu ndi ziwiri. Maphunziro tsopano ndi asanu ndi limodzi okha, kuyambira ECD A mpaka Giredi 7: chiyankhulo cha makolo, Chingerezi, Masamu, Science and Technology, Social Science, ndi Physical Education and Arts. Ulimi ndi makompyuta zalowa mu sayansi. FAREME ija ya banja, chipembedzo ndi khalidwe yalowa mu Social Science pamodzi ndi Heritage ndi uphungu. Kuimba, kujambula ndi masewero a zisudzo zaphatikana ndi masewera olimbitsa thupi. Chachiwiri ndi kagawidwe ka malikisi: 80 ku mayeso olemba, 20 ku pulojekiti yochitira pasukulu, imodzi pa phunziro lililonse pachaka. Maphunziro olembedwa pa mayeso a Giredi 7 anali kale asanu ndi limodzi chiyambire 2021, n'chifukwa chake mwana wokhoza bwino kwambiri amatenga mayuniti 6, yuniti imodzi pa phunziro lililonse. Kotero pa tsiku la mayeso makolo sadzaona chachilendo chachikulu. Chachilendo chili pa ndandanda wa nthawi ndi m'sikimu ya mphunzitsi.

Ntchito iyende motere. Mphunzitsi aliyense akhale ndi silabasi yakeyake yosindikiza, osati imodzi yotsekeredwa mu ofesi ya ahedi, osatinso ya pafoni yomwe munthu amawerenga tsamba limodzi n'kutopa. Onani pachikuto kuti palembedwa 2024 mpaka 2030, chifukwa pa WhatsApp pakuyendabe masilabasi akale omwe wina anangowasintha dzina la fayilo. Kenako aphunzitsi a giredi imodzi, a m'mawa ndi a masana omwe, akhale pamodzi ndi silabasi yakale ndi yatsopano, atenge pepala lalikulu aligawe panayi: mitu yomwe yatsala momwe inalili, yomwe yachotsedwa, yomwe ndi yatsopano, ndi yomwe yasamukira giredi ina. Masana awiri akwana pa giredi iliyonse ngati anthu sakucheza.

Gawo lachinayilo ndi lomwe limapweteka ana mwakachetechete. Mutu ukatsitsidwa kuchoka Giredi 6 kupita Giredi 5, mwana yemwe anadutsa Giredi 5 ndi silabasi yakale sadzauphunzira konse. Wa Giredi 5 sanauphunzitse poti sunali wake, wa Giredi 6 sauphunzitsa poti suli wakenso, koma mayeso adzaufunsa. Mitu yotereyi ilembedwe payokha ndipo iphunzitsidwe masabata atatu oyamba a teremu yoyamba, sikimu yeniyeni isanayambe.

Pepala lija likatha ndi pomwe mutsegule kabati ya mabuku. Pa mutu uliwonse wa silabasi yatsopano mphunzitsi alembe buku lomwe lilipo kale ndi tsamba lake. Mudzapeza kuti kuchulukitsa ndi kugawa sikunasinthe, ndipo buku lakale la ulimi likugwirabe ntchito pa mitu ya nthaka, mbewu ndi ziweto mu sayansi. Pomwe patsala mipata, gulani buku limodzi la mphunzitsi kaye, aliyese teremu imodzi, ndipo funsani wogulitsa umboni woti bukulo linavomerezedwa ndi unduna. La ana lidzagulidwe mutaona kuti n'lothandiza, kuyambira Giredi 6 ndi 7.

Cholakwika chomwe chimachitika kwambiri ndi kuphatikiza maphunziro pa dzina pokha. Pakhoma palembedwa asanu ndi limodzi, koma wa makompyuta akupitiriza ndi kope lake ndi mayeso ake, wa kudimba chimodzimodzi, wa kalasi nayenso sayansi yake. Mwana akunyamulabe makope atatu, ndipo nthawi yomwe inayenera kupulumuka yapita. Phunziro limodzi likhale ndi sikimu imodzi, ndipo pa lipoti la kumapeto kwa teremu likhale ndi mzere umodzi. Malipoti akalewo ndiye asindikizidwenso, mizere isanu ndi umodzi, ndi malo olembapo malikisi a pulojekiti padera. Zimenezo ziikeni mu bajeti.

Poti ndinu a mashifiti, ndandanda wa nthawi muuyambire pa zinthu zomwe magulu awiriwo amalimbirana: chipinda cha makompyuta, dimba, bwalo. Ikani zimenezi kaye, zina zidzaze mipata. Ola lomwe gulu lina lili panja kudikira chipinda ndi labwino pa ntchito ya manja ya pulojekiti, kuyeza, kukhoma, kuthirira, koma Masamu ndi kuwerenga zisaikidwe pansi pa mtengo tsiku ndi tsiku. Ahedi afunsenso ku ofesi ya DSI, woyang'anira masukulu a m'chigawo, kwanuko ndi ya Glen View-Mufakose, masiku a maphunziro a aphunzitsi a m'kilasita yanu, ndipo wopitako akabwera aphunzitse anzake sabata yomweyo, zisanazizire.

Nabanda, Highfield

A Mwale anena bwino za silabasi. Ine ndikhale pa pulojekiti, poti ndi pomwe makolo akukangana.

Onse awiri akunena zoona pang'ono. CALA inatha, koma kuyeza mwana chaka chili mkati sikunathe. Chomwe chinaipitsa CALA si ganizo lake ayi, ndi kuchuluka kwake komanso kuti ntchito inkapita kunyumba. Ikafika kunyumba inkasanduka ya amayi, ya achimwene a ku sekondale, kapena ya mnyamata wa pamalo osindikizira mapepala yemwe ankagulitsa yomweyomweyo kwa ana khumi. Malikisi ankayeza thumba la kholo. Pulojekiti yatsopanoyi dzina lake lomwe likunena kuti ndi yapasukulu, ndipo sukulu yomwe ilola kuti izipitanso kunyumba yabweza CALA ndi manja ake.

Pulojekiti si nkhani yolemba pa mutu, monga "fotokozani za kolera". Imayamba ndi vuto lomwe mwana akuliona ndi maso, n'kutha ndi chinthu chomwe wapanga kapena njira yomwe wayesa. Masitepe ake ali kumapeto kwa silabasi iliyonse pamodzi ndi malikisi a sitepe iliyonse, ndipo mphunzitsi atsate zomwe zili mu silabasi ya phunziro lakelo. Mndandanda wake umayenda chonchi: kupeza vuto, kufufuza momwe ena analithetsera, kuganiza njira zingapo, kusankha imodzi n'kuikonza bwino, kuionetsa, kenako kuunika pomwe yakhoza ndi pomwe yalephera.

Nditenge chitsanzo cha sayansi Giredi 5 kapena 6. Vuto: pampopi wa kuchimbudzi sipatuluka madzi masiku ambiri, ana akudya osasamba m'manja. Kuno palibe wofunika kumuuza kuopsa kwake, kolera ya 2018 inayambira ku Glen View ndi Budiriro. Pa sitepe yoyamba mwana alembe vutolo m'mizere itatu kapena inayi, ndi nambala yomwe wawerenga yekha: pa nthawi yopuma anaima pafupi n'kuwerenga ana angati atuluka, angati asamba. Pa kufufuza afunse anthu atatu, monga wosamalira pasukulu, wogulitsa zakudya pageti ndi kholo, ajambule njira zomwe akugwiritsa ntchito, beseni limodzi la onse, ndowa ya kampopi, jagi yothirirana, ndipo pa iliyonse alembe ubwino ndi kuipa kwake. Intaneti siyofunika apa.

Tinene kuti wasankha mpondagiya. Zofunika ndi chigubu cha malita 5, mitengo iwiri ya mphanda yotalika ngati mita imodzi ndi theka, mtengo wopingasa, chingwe, kamtengo kopondapo, sopo womangirira pa chingwe, ndi miyala yodzaza m'kadzenje pansi kuti pasachite matope. Bowo amaboola ndi msomali wotenthetsa pamoto, chakumtunda kwa chigubu kumbali ya chivindikiro, ndipo msomali wamotowo agwire mphunzitsi. Tsono malikisi ambiri ali pa zomwe zimalakwika. Bowo likakula, malita 5 amatha ana ochepa atasamba. Chivindikiro chikatsekedwa kwambiri mpweya sulowa, madzi amatuluka modukizaduka. Chingwe chikatalika, mwana amaponda mpaka pansi chigubu osapendeka. Mwana yemwe wayesa misomali iwiri yosiyana kukula, n'kulemba kuti ndi bowo ili anasamba ana mwakuti, ndi ili ana mwakuti, wachita sitepe yokonza bwino ndipo wachitanso Masamu. Mpondagiya wokongola wopangidwa ndi kalipentala, wopanda tsamba losonyeza kuyesa ndi kulephera, ayenera kupeza malikisi ochepa kuposa wokhota wa mwana yemwe ali ndi manambala ake.

Njira yotsekera kubera ndi yotchipa. Mwana aliyense akhale ndi kope la pulojekiti lomwe limagona m'kabati ya kalasi. Sitepe ikatha mphunzitsi achonge pomwepo, alembe deti, asaine, ndipo mwana asapitirire sitepe yotsatira yam'mbuyo isanachongedwe. Zolemba pamanja ndi zojambula ndi pensulo n'zokwanira, pasakhale lamulo loti zitayipidwe kapena zikhale ndi zithunzi zamitundu. Pomaliza mphunzitsi amufunse mwana mafunso awiri atatu pakamwa: unaboola pati, chinavuta n'chiyani, ukanasintha chiyani. Yemwe anamupangira amaonekera pa funso lachiwiri. Ana angathe kugwirizana vuto limodzi ndi kubwerekana zipangizo, koma kope ndi malikisi ndi za aliyense payekha.

Tsono kulemera kwake muwerengere, Mayi Naphiri, musanalonjeze makolo. Ana 50 kuchulukitsa ndi maphunziro 6 ndi mapulojekiti 300 kwa mphunzitsi mmodzi. Iliyonse akaiona kasanu ndi kamodzi, ndi maulendo 1,800. Pa mphindi zitatu ulendo uliwonse, ndi maola 90. Mukawamwaza pa masabata 25 ndi maola osakwana anayi pa sabata, zotheka ngakhale n'zowawa. Mukawasiya mpaka mwezi womaliza sizitheka, ndipo ndi pomwe malikisi amayamba kulembedwa mongoganizira. Choncho mapulojekiti asanu ndi limodziwo asayambe sabata imodzi. Awiri ayambe mu Januwale, awiri kumapeto kwa Febuluwale, awiri kumayambiriro kwa teremu yachiwiri. A Giredi 7 akhale atamaliza zonse sukulu isanatsekere mu Ogasiti, poti akabwera mu Sepitembala mayeso ali pakhomo.

Makolo auzidwenso kukula kwenikweni kwa 20 ameneyu. Tiyerekeze pulojekiti yachongedwa pa 50. Mwana wapeza 60 pa 100 pa mayeso olemba, ndiye kuti ali ndi 48. Akapeza 45 pa pulojekiti awonjeza 18, zonse 66. Akapeza 20 awonjeza 8, zonse 56. Kusiyana kwa malikisi khumi kungathe kusuntha yuniti, ndipo pofuna malo a Fomu 1 yuniti imodzi ndi nkhani. Koma mwana wa 25 pa mayeso olemba, ngakhale pulojekiti itakhala ya 45, afika 38 basi. Pulojekiti imakankha yemwe akuyenda kale.

Naphiri, Mufakose

Zikomo kwambiri a Mwale ndi inu Nabanda, masamu a maola 90 aja ndikawawerenga pamsonkhano momwe alili. Ndifunseko china. Ana ambiri pasukulu pathu ndi a m'mabanja athu ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique. Poti akuti maphunzirowa ndi a chikhalidwe, kodi mwana angachite pulojekiti ya Gule Wamkulu? Nanga Chichewa chili ndi malo pa chiyankhulo cha makolo chija? Komanso zipangizo za mapulojekiti, tingaike kandalama kapadera pa fizi?

A Chisale, Dzivarasekwa

Mayi, ndiyankhe za chiyankhulo ndi gule, koma ndiyambe ndi kutsutsako pang'ono anzangawa. Onse ayang'ana kumtunda, Giredi 5 mpaka 7. Chiwerengero cha okhoza Giredi 7 chomwe ZIMSEC inalengeza chinali 45.57 pa 100 mu 2023 ndi 49.01 mu 2024. Theka la ana likugwa, ndipo ambiri mwa iwo sagwa chifukwa cha pulojekiti kapena mutu wosamuka. Amagwa chifukwa anafika Giredi 3 asakudziwa kuwerenga, kenako anangokwezedwa chaka ndi chaka. Kuchepetsa maphunziro a ana aang'ono kuchoka pa 11 kufika pa 6 phindu lake ndi nthawi, ndipo nthawi imeneyo ipite ku kuwerenga ndi kuwerengera. Ndalama yoyamba ya mabuku ine ndingaiike ku timabuku towerenga ta Giredi 1 ndi 2, osati ku Giredi 7.

Poyambira pake ndi apa. Masabata awiri oyamba, TIC, mphunzitsi woyang'anira makalasi a ana aang'ono, ndi aphunzitsi ake amve mwana aliyense wa Giredi 2 ndi 3 akuwerenga payekha, mphindi imodzi kapena ziwiri, kandime kakafupi ka Chishona ndi ka Chingerezi. Amuike pa gulu limodzi mwa anayi: sadziwa malembo, amadziwa malembo koma salumikiza maphatikizo, amawerenga mawu limodzilimodzi, amawerenga chiganizo n'kunena zomwe wamva. Magulu awiri oyambawo apatsidwe theka la ola tsiku lililonse, pa nthawi ya sukulu, osalipiritsa. Muwayezenso kumapeto kwa teremu ndi kandime kena kofanana kulimba kwake. Mwana wosawerenga sangalembe sitepe yoyamba ya pulojekiti, adzakopera kwa mnzake basi.

Za Chichewa: Malamulo a dziko a 2013, gawo 6, amatchula ziyankhulo 16 zovomerezeka, ndipo Chewa ndi choyamba pa mndandandawo. Lamulo la maphunziro lomwe linakonzedwa mu 2020 limati sukulu iyesetse kugwiritsa ntchito chiyankhulo cha mwana pophunzitsa ku ECD. Koma m'masukulu a muno mu Harare chiyankhulo cha makolo chomwe chili pa ndandanda ndi Chishona, ndipo ndi chomwe ana athu amalemba. Chomwe komiti ingachite lero ndi kupempha kuti ngati pali mphunzitsi wodziwa Chichewa aikidwe ku ECD kapena Giredi 1, ndiponso kuti aphunzitsi a Chishona adziwe pomwe ana athu amapunthwa. Si paliponse, ndi malo odziwika. Chishona cholemba chilibe l, ndiye mwana wa kwathu amalemba kulima m'malo mwa kurima. Amaika h pomwe ife timatulutsa mpweya, ph, th, kh, pomwe Chishona sichilemba choncho. Zv ndi sv zimamuvuta, bh ndi dh amaziiwala. Mvura kwa iwo ndi madzi akumwa omwe, kwa ife mvula ndi yogwa kumwamba yokha. Wophunzitsa akazindikira kuti zolakwazi zili ndi gwero, amazikonza pa masabata ochepa, m'malo momulemba mwana kuti ndi wofooka.

Gule Wamkulu, yemwe anzathu olankhula Chishona amati zvigure, ndi chikhalidwe chozindikirika ndithu, UNESCO inamulengeza mu 2005, chaka chimodzi ndi Mbende Jerusarema ya ku Murewa. Koma pa pulojekiti ine sindingalimbikitse. Za kudambwe saulula, ndipo mwana wa zaka khumi ndi chimodzi mukumuika pakati: akafunse zomwe saloledwa kufunsa, kapena alembe mphekesera za m'misewu zomwe zimatinyoza kale. Komanso m'kalasi momwe mawu oti mabhurandaya, otinyoza ife ochokera ku Malawi, akadamvekabe, mphunzitsi wosakonzeka angayatse moto womwe sangauzime. Ndipo monga anenera Nabanda, pulojekiti ifuna vuto loti lithetsedwe, osati kufotokoza chabe.

Zilipo za kwathu zolowa bwino. Sansi, yomwe kuno ndi mbira, inalembedwa ndi UNESCO mu 2020 m'dzina la Malawi ndi Zimbabwe pamodzi. Vuto: sukulu ilibe zoimbira. Mwana apange sansi ndi kathabwa ndi masipoko a njinga osulidwa, ayese kutalika kwa mano kuti amve momwe liwu likusinthira. Kapena mfutso, womwe iwo amati mufushwa. Vuto: masamba amawola nthawi ya dzinja, n'kudzasowa m'chilimwe. Mwana ayeze kilogalamu imodzi ya nkhwani, theka aviike m'madzi owira mphindi zochepa asanayanike, theka ayanike osaviika, ena padzuwa ena pamthunzi podutsa mphepo, ayezenso kulemera zikauma, aone mtundu ndi ngati zachita nkhungu pakatha mwezi. Agogo ndiye katswiri wofunsidwa pa sitepe yofufuza, ndipo mwana alembe mayina mbali ziwiri, nkhwani ndi muboora, luni ndi nyevhe, therere ndi derere. Pamenepo chikhalidwe chalowa popanda kuvula aliyense.

A Mbewe, Epworth

Funso la ndalama latsala, ndi zina za mu ofesi zomwe zimagwetsa sukulu ngakhale m'kalasi zikuyenda.

Komiti singangowonjezera kandalama pa fizi. Lamulo la maphunziro limafuna msonkhano wa makolo womwe pafika osachepera 20 pa 100 a makolo onse, ambiri mwa ofikawo avomereze, kenako pempho lipite ku unduna ndi mndandanda wa osaina, maminitsi ndi bajeti, ndipo ndalamayo iyambe kutoleredwa chilolezo chitabwera. Mukadumpha apa, kholo limodzi lokha lodandaula likwanira kuti zonse zibwezedwe. Maganizo anga, musayike n'komwe. Mu bajeti yomwe ilipo patulani mzere wa bokosi limodzi pa giredi: tepi yoyezera, sikelo ya kukhitchini, chingwe, guluu, sizasi, mapepala akuluakulu, misomali. Zigubu, makatoni, mabotolo ndi mawaya ana atole. Mphunzitsi yemwe wapereka pulojekiti yofuna kuti kholo likagule kanthu mtauni abwezedwe ndi ahedi akaisinthe. N'chifukwa chake mitu yonse ya mapulojekiti idutse pa tebulo la ahedi kapena achiwiri awo ana asanauzidwe. Kumbukiraninso kuti ndalama za BEAM, zomwe boma limalipirira ana ovutika, zimachedwa kufika, ndipo lamulo la 2020 lija limaletsa kuthamangitsa mwana chifukwa cha fizi. Mwana wa ngongole achite pulojekiti yake pa nthawi yake ngati wina aliyense, kope lake lisagwidwe ngati chikole.

Chofunika kugula chomwe palibe wachitchula ndi kabati yokhoma. Malikisi a pulojekiti a kalasi ya mayeso amapita ku ZIMSEC, ndipo oona ngati kuchonga kunali kwachilungamo angathe kufuna kuona ntchito yeniyeniyo. Pa sukulu ya mashifiti chipinda chimodzi chimalowa makalasi awiri, makope osiyidwa pawindo satha mwezi. Kalasi iliyonse ikhale ndi shelefu yake, makope aikidwe motsata mndandanda wa mayina, ndipo malikisi alembedwe pawiri, m'buku la mphunzitsi ndi pa pepala lomwe limapita ku ofesi sitepe iliyonse ikatha. Zinthu zosasungika, monga mfutso kapena bedi la kudimba, zijambulidwe ndi foni ya sukulu mwana ataima pambali atanyamula pepala la dzina lake ndi deti.

Musanatumize malikisi, aphunzitsi a giredi imodzi asinthane makope. Aliyense atenge asanu ndi limodzi a mnzake, awiri apamwamba, awiri apakati, awiri apansi, achonge osaona malikisi oyamba. Akasiyana ndi malikisi oposa asanu pa 50, akhale pansi ndi silabasi agwirizane, ndipo kalasi yonseyo ionedwenso. Kalasi yomwe ana onse ali pakati pa 44 ndi 48 ndi chizindikiro choti sipanachongedwe kanthu.

Mwana wosamuka pakati pa chaka, zomwe kuno kwa anthu a lendi zimachitika mwezi uliwonse, anyamule kope la pulojekiti ndi pepala la malikisi losainidwa ndi kudindidwa, pamodzi ndi kalata yosamukira. Wobwera wopanda kanthu ayambitsidwe sabata yomweyo, asadikire kuti mwina zibwera.

Tsono ichi ndi chathuchathu. Polembetsa mayeso a Giredi 7 sukulu imafuna setifiketi yakubadwa, ndipo m'mabanja athu ambiri ndi pomwe pamatulukira kuti mwana alibe, chifukwa mayi ake alibe chitupa, chifukwa agogo anabwera kudzagwira ntchito m'mafamu kapena m'migodi ndi mapepala olembedwa kuti mlendo. Gawo 43 la Malamulo a 2013 limati munthu wobadwira muno malamulowo asanayambe kugwira ntchito, yemwe kholo lake linali nzika ya dziko la SADC ndipo iye ankakhala muno, ndi nzika mwa kubadwa. Koma kukonza mapepala ku Makombe Building kapena ku maofesi ang'onoang'ono a kaundula kumatenga maulendo angapo, nthawi zina kuyambira pa chitupa cha kholo. Choncho kalembera wa omwe alibe setifiketi achitike ku Giredi 5, osati mu teremu yolembetsa. Komiti ya makolo ndi yomwe ingathandize apa kuposa aphunzitsi, poti mumadziwana makomo.

Ndipo dzina lomwe lipite ku ZIMSEC likopedwe kuchokera pa setifiketi chilembo ndi chilembo, osati pa rejisitala ya kalasi. Mayina athu amalembedwa mosiyanasiyana kuno, Phiri kukhala Piri, Banda kukhala Bhanda, l kusanduka r. Pepala lotsimikizira mayina likabwera, kholo lililonse lione ndi maso ake ndi kusaina lisanabwezedwe.

Nabanda, Highfield

A Chisale, pa kuwerenga sinditsutsa, ndipo timabuku ta Giredi 1 ndi 2 tikhale patsogolo pa mndandanda wa Mayi Naphiri. Ndingowonjeza kuti ku ECD ndi Giredi 1 pulojekiti isafanane ndi ya akuluakulu ija. Kumeneko mwana anene pakamwa, ajambule, aumbe ndi dongo, mphunzitsi ndiye alembe zomwe waona pa pepala la mwanayo. Mukawapatsa kope la masitepe olemba, adzalemba ndi makolo.

Pa sansi ija, masipoko osulidwa amakhala akuthwa kunsonga. Apalidwe ndi fayilo ya zitsulo ana asanayambe kuimba, ndipo kusulako kuchitikire pasukulu pamaso pa mphunzitsi, tsiku lomwe gulu la masana likudikira chipinda.